Nkhope ya Veronika

Basi inachedwa ndi ola lathunthu, ndipo pamene inkaima pa geti la parishi ine n'kuti nditatopa kale. Ndinali nditanyamula chikwama cha amayi, ambulera yawo, botolo la madzi ndi mafuta opaka m'mawondo, koma iwo ankandiyang'anabe ngati pali china chimene ndasiya dala.

Ulendowu anakonza ndi a bungwe la amayi a pa tchalitchi chathu. Ankafuna kukaona matchalitchi atatu akale kwambiri a m'dayosizi yathu, onse tsiku limodzi. Wapampando wa bungwelo anali amayi anga. Ine sindinali membala. Ndinapita kuti ndikawagwire mkono pa masitepe. Koma ndisaname, ndinapitanso chifukwa munthu amene ansembe anamupempha kuti akatifotokozere za zithunzi ndi kamangidwe ka nyumbazo anali bwenzi langa.

Anthu amamutchula Bambo Theka. Anakhala ku seminale zaka zisanu, kenako anatulukako asanadzozedwe unsembe, ndiye anthu amati ubambo wake unathera pa theka. Iye dzinalo salidandaula, ukamuitana nalo amayankha. Ntchito yake ndi kukonza zithunzi zakale za m'matchalitchi, zija zaonongeka ndi chinyezi komanso utsi wa makandulo. Tinali titatha zaka ziwiri tili pachibwenzi, ndipo zaka ziwiri zonsezo amayi ankandifunsa funso limodzimodzi.

"Munthu amene anasiya Mulungu panjira, iwe ndiwe yani kuti akusunge?"

Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Funsoli ndinaliyankha molira, ndinaliyankha mokalipa, mpaka ndinangosiya kuliyankha.

Amayi anakhala pampando wa kutsogolo, ine pambali pawo. Theka analowa pomalizira, atakolekera chikwama chake cha mapepala paphewa, n'kuwerama pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka," anatero amayi, maso ali pazenera.

Malo otsala anali amodzi okha chakumbuyo, ndipo amene anachotsapo chikwama chake mofulumira kuti Theka akhale anali Wakwaya. Ameneyu ndi amene amatsogolera kwaya yathu, mkazi wamtali, wa kampata pakati pa mano akutsogolo ndi kachipsera pa nsidze yakumanzere. Ndi wokongola, zimenezo sindingamulande. Akamaimba pa Misa amayi anga amapukuta misozi.

Tisanatuluke m'tauni foni yanga inanjenjemera. Unali uthenga wochokera kwa Theka.

*Waoneka bwino m'diresi limenelo.*

*Waliona bwanji kumbuyo uliko?*

*Ndaliona polowa. Malo analipo ndi ano okha. Ukufuna ndikakhale padenga la basi?*

*Padenga palibe wokuimbira.*

Ananditumizira kankhope koseka. Ine sindinaseke.

"Sunga foniyo," anatero amayi. "Tikuyamba kolona."

* * *

Tchalitchi choyamba chinali cha njerwa zofiira, chokhala ndi nsanja ziwiri, imodzi yopanda belu. Titalowa, kutentha konse kunatsala panja. Munkamveka fungo la makandulo ndi la mileme.

Theka ndi munthu wamanyazi, koma akaima m'nyumba ngati imeneyi amasintha. Mawu ake amachoka pansi, manja ake amayamba kulankhula.

"Yang'anani kumwamba, amayi anga. Denga lonseli mulibe msomali ndi umodzi womwe. Mitengo mukuionayi anailumikiza ndi zikhomo za mtengo. Omanga ankafuna kuti munthu akalowa muno aziona ngati ali pansi pa ngalawa yotembenuzidwa."

Azimayi onse anakweza mitu, ena akugwira mipango yawo kuti isagwe. Theka anatitengera pafupi ndi khomo n'kutionetsa njerwa imodzi yokhala ndi chidindo cha chala chachikulu cha munthu amene anaiumba, zaka zoposa zana zapitazo. Aliyense anafuna kuikamo chala chake. Changa chinakwanira ndendende, koma sindinauze munthu.

Amayi anali ataima patali, atatsamira ndodo yawo. Analoza chifanizo china cha mtengo pakona, utoto wake utakhulukakhuluka.

"Nanga uyo wagwira gudumu lothyoka ndi yani?"

"Ndi Katarina Woyera, amayi. Anafuna kumuphera pa gudumu limenelo, koma linathyoka."

"Nanga uyo wa makiyi awiri, chifukwa chiyani kiyi imodzi ndi yoyera, ina yachikasu?"

Theka anayankhanso, mosadodoma. Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mmm. Ndiye kuti mutu unagwira ndithu kusukulu kuja. Chinavuta ndi mtima."

Azimayi ena anaseka, ena anangoyang'ana pansi. Theka anamwetulira ngati kuti amuyamikira, n'kupitiriza kufotokoza za guwa.

Pamene enawo ankajambulitsa kutsogolo, Theka anandipeza kuseri kwa chipilala chachikulu, pafupi ndi malo olapira.

"Wakwiya?"

"Sindinakwiye. Ndatopa."

"Tsiku langoyamba kumene."

"Sindikunena za tsiku." Ndinatsamira njerwa zozizira zija. "Taona mmene taimira. Anthu aakulu, kubisala kuseri kwa chipilala ngati ana a sukulu. Chaka chatha tinkabisala kuseri kwa sitolo. Chaka chamawa tidzabisala kuseri kwa chiyani?"

"Ndilankhula ndi amayi lero."

"Unanenanso choncho mwezi watha."

"Mwezi watha anandiona pa geti n'kutseka chitseko. Lero alibe chitseko choti atseke."

Ndinafuna kuseka, koma mphamvu zosekera ndinalibe. Anandikhudza chala chaching'ono, chokhacho, kenako tinamva ndodo ya amayi ikugogoda pansi, ikubwera. Iye anatulukira kumanzere kwa chipilala, ine kumanja.

* * *

Masana tinaima pansi pa mitengo m'mbali mwa msewu kuti tidye. Ndinali nditangomaliza kupaka amayi mafuta m'mawondo, ndikusamba m'manja kuseri kwa basi, pamene Wakwaya anabwera ndi kapu ya tiyi.

"Achemwali, mwadya zochepa bwanji? Kapena mukusungira thupi diresi la ukwati?"

"Ukwati wa yani?"

"Ine ndingadziwe?" Anaseka, kampata kaja kakuonekera. "Kumene tikupitaku munafikako?"

"Ayi."

"Ii, ndiye kuti sanakutengereniko? Zaka ziwiri zonsezi?" Anauzira tiyi wake. "Ntchito yake yoyamba atangotuluka ku seminale ili kumeneko. Njira ya Mtanda yonse anakonza ndi iyeyo. Mukafika pa chithunzi chachisanu ndi chimodzi, muime pang'ono. Musathamange."

"Pali chiyani?"

"Luso basi. Ine ndimangokonda luso."

Anachoka akung'ung'udza nyimbo. Nditabwerera m'basi ndinamulembera Theka.

*Pa chithunzi chachisanu ndi chimodzi pali chiyani?*

Uthengawo anauwerenga nthawi yomweyo, ndinaona. Anayamba kulemba, n'kusiya. Anayambanso, n'kusiyanso. Tinayenda mtunda wautali ndikuyang'ana foni. Pomaliza panabwera mawu awiri okha.

*Ndikufotokozera tikafika.*

* * *

Tchalitchi chachiwiri chinali chaching'ono, chopakidwa laimu, cha makoma okhuthala moti munthu akhoza kukhala pazenera n'kutambasula miyendo. Zithunzi za Njira ya Mtanda sizinali zopachika ngati za kwathu. Zinali zojambulidwa pakhoma penipeni, zazikulu ngati anthu enieni, zisanu ndi ziwiri mbali iyi, zisanu ndi ziwiri mbali inayo.

Theka anafotokoza kuti anajambula ndi m'bale wina wa chipani cha amonke, amene ankasakaniza utoto wake ndi dothi la m'dambo lapafupi. Anati denga linadontha zaka zambiri, madzi n'kumatsika m'khoma, ndipo iye atabwera anapeza nkhope zina zitafufutika. Ankalankhula mofulumira kuposa m'mawa.

"Nthawi yatithera, amayi anga," anatero. "Tiyeni tione guwa, kenako tizipita."

"Ayi," anatero amayi anga. "Sitinabwere kudzaona malo ngati alendo a makamera. Tipemphera Njira yonse, chithunzi ndi chithunzi."

Tinayamba. Pa chilichonse tinkagwada, kupatula amayi amene ankangowerama atagwira mkono wanga. Choyamba, chachiwiri, chachitatu. Mawu a mapemphero ndinkawatchula, koma sindinkawamva. Pa chachisanu ndinaona kuti Theka watsalira m'mbuyo, akuyang'ana nsapato zake.

"Veronika apukuta nkhope ya Yesu," anawerenga amayi.

Ndinakweza maso.

Veronika anali atagwada pamiyala, atatambasula nsalu yoyera, mutu utapendekeka. Mkanjo wake unali wa utoto wakale, wozilala. Koma nkhope inali yatsopano, yamoyo. Milomo inali yotseguka pang'ono ngati akufuna kuyamba nyimbo, ndipo pakati pa mano panali kampata. Pa nsidze yakumanzere panali kachipsera.

Pemphero linayamba bwino, kenako linayamba kuthothoka. Mayi wina anagunda mnzake ndi chigongono. Wina anatembenuka kuyang'ana Wakwaya, amene anali atagwada mowongoka, maso ali chotseka, manja ali pachifuwa, ngati mngelo.

"Kodi si uyu?" ananong'oneza wina, monong'ona moti ngakhale wa kunja akanamva.

Amayi anamaliza pemphero lonse osaphonya liwu. Kenako anayang'ana khoma, n'kuyang'ana Wakwaya, n'kuyang'ana ine.

"Wajambula bwino," anatero. "Munthu sajambula chonchi nkhope imene anangoiona kamodzi."

Zithunzi zisanu ndi zitatu zotsalazo ndinagwada ndi kudzuka, kugwada ndi kudzuka, osaona chilichonse.

* * *

Kuseri kwa tchalitchicho kunali manda a ansembe akale, mitanda yachitsulo yochita dzimbiri, mayina ake osawerengeka. Ndinakhala pa kakhoma kozungulira mandawo n'kuvula nsapato. Mapazi anali atatupa. Sipanapite nthawi, ndinamva Theka akubwera.

"Nkhope ija inali itatheratu," anayamba, asanakhale n'komwe. "Panalibe diso, panalibe mphuno, pulasitala yekhayekha. Chithunzi chakale chosonyeza mmene inalili sichinapezeke. Pankafunika munthu woti ndizimuyang'ana. Iye nthawi imeneyo ankaphunzitsa pasukulu ya pano."

"Anakhala masiku angati?"

"Chiyani?"

"Kuti umuyang'ane. Masiku angati?"

Anakanda kumutu. "Khumi ndi limodzi."

"Nkhope imodzi, masiku khumi ndi limodzi."

"Ndinali wophunzira. Ndinkafufuta n'kuyambanso."

"Ndipo madzulo mukaweruka?"

Anakhala pakakhoma paja, kutali nane pang'ono, n'kuyamba kusenda utoto umene sumachoka m'zikhadabo zake.

"Tinakhala pachibwenzi miyezi isanu ndi umodzi," anatero. "Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinali nditangotuluka, abale anga sankandilankhula, ndinkagona m'kachipinda kosungiramo makandulo. Iye ankandibweretsera chakudya. Zinatha zokha. Sindinamukonde mmene ndimakukondera iwe."

"Sindinakufunse zimenezo."

"Ukufuna ndinene chiyani?"

"Ndinkafuna unene kalekale. Zaka ziwiri ndakhala ndikukhala benchi limodzi ndi mkazi ameneyu, akundimwetulira, akundifunsa za diresi la ukwati, iye akudziwa, iwe ukudziwa, ine ndekha chitsiru. Ndipo lero ndazimva kwa khoma, pamaso pa amayi anga ndi azimayi makumi awiri amene pofika mawa adzakhala atauza tauni yonse."

"Ndinkaopa. Tinali ndi mavuto okwanira kale."

"Iwe umangoopa."

Mawuwo anatuluka ndisanawayeze. Ndinaona atamulowa. Anayang'ana mitanda ija nthawi yaitali.

"Amene anathawa miyezi itatu yapitayo si ine," anatero motsitsa.

Zinali zoona. Miyezi itatu m'mbuyomo amayi anagwa m'khitchini chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, tsiku lomwe tinakangana za iye. Ndili pakhonde la chipatala ndinamulembera kuti zatha, asandifunenso. Ndinatseka nambala yake milungu isanu ndi umodzi. Kenako tsiku lina ndinapita ndekha ku malo ake a ntchito, ndinamupeza ataonda, akutsuka maburashi, ndipo tinabwererana popanda kukambirana zambiri. Za milungu imeneyo sitinazikhudzenso.

"Ndikhoza kuisintha," anatero. "Ndipempha ansembe a pano. Masiku awiri okha, nkhope ija ichoka."

"Usaikhudze."

"Bwanji?"

"Chifukwa ndi yabwino. Ndi chithunzi chabwino kuposa zonse m'nyumba muja. N'chimene chikundipweteka."

Woyendetsa basi analiza hutala. Ndinavala nsapato movutikira. Theka anatambasula dzanja kuti andidzutse, ine ndinadzuka ndekha.

* * *

M'basi munali zii. Ena anagona, pakamwa pali yasa. Wakwaya anayambitsa nyimbo, koma palibe anailandira, ndipo inafera pa ndime yoyamba. Theka sanabwerere pa malo ake aja. Anakhala pa kabokosi ka zitsulo pafupi ndi chitseko, ulendo wonse wa maola awiri, mawondo ali kukhosi.

Ndikanakonda amayi akanakalipa. Anangotulutsa mpango wawo n'kundipatsa, ngakhale sindinkalira.

Foni inanjenjemera katatu. Sindinaitsegule.

* * *

Tchalitchi chachitatu chinali pamwamba pa phiri. Basi sinathe kukwera, inaima m'munsi, ndipo kuchokera pamenepo panali masitepe a miyala, okwana makumi asanu ndi limodzi malinga ndi chikwangwani. Azimayi anayamba kukwera akudandaula. Amayi anakwera khumi n'kuima. Anakweranso asanu, kenako anakhala pansi pa sitepe, thukuta lili kamukamu.

"Pitani," anatero. "Ine ndidikira pano."

"Amayi, mwakhala mukukamba za tchalitchi chimenechi mwezi wonse."

"Ndati pitani. Mawondo akana."

Ndinayesa kuwadzutsa, koma amayi ndi munthu wathupi, ndipo ine mikono inali itafooka. Ndipamene Theka anatsika kuchokera pamwamba pomwe anali atafika kale. Anandipatsa chikwama chake osandiyang'ana, n'kugwada pa sitepe ya m'munsi mwa amayi.

"Amayi, ikani mkono paphewa panga."

"Sindinakupempheni."

"Simunandipemphe. Koma dzuwa likafika pamene likupitapa, zenera la kumadzulo limayaka kwa mphindi makumi awiri zokha. Mukachedwa mupeza galasi wamba."

Amayi anamuyang'ana ngati akuyeza nsalu. Kenako anaika mkono.

Anakwera sitepe imodzi imodzi, iye atawagwira m'chiuno, amayi akupuma mwaphokoso. Pa masitepe khumi alionse ankaima. Malaya ake ananyowa msana wonse. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi ndodo, ambulera ndi zikwama ziwiri, ndikudzifunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu sungakwiyire mnzako bwinobwino mpaka tsiku lithe.

M'katimo munali mdima pang'ono, makoma a miyala yotuwa, mizati yoonda ikukwera mpaka kukakumana pamwamba ngati nthambi. Theka anawakhazika amayi pa benchi lachitatu kuchokera kumbuyo n'kuwatembenuzira kumadzulo.

Zenera linali lozungulira, lalikulu kuposa chipinda changa. Dzuwa linali litalowamo kale. Pakati panali Maria atanyamula mwana, ndipo mozungulira munali timagalasi tofiira, tobiriwira, ta mtundu wa mtambo, tambirimbiri. Kuwalako kunagwera pansi, pa mabenchi, pa manja a amayi, pa mpango wawo woyera umene unasanduka wamaangamaanga. Ngakhale azimayi olongolola aja anakhala chete.

"Ndinakwatira muno," anatero amayi. Sankauza ine. "Ndinaima apo. Bambo ake a uyu anachedwa, njinga inaphulika tayala, anakwera masitepe aja akuthamanga, jekete ili m'manja. Nthawi imeneyo pansi pa zenera, kumanja uko, panali pobooka. Anatsekapo ndi katoni. Misa yonse ine ndinkangoyang'ana katoni ija kuti ndisalire."

"Inalipo mpaka chaka chapitachi," anatero Theka. "Galasi lofanana nalo linavuta kupeza. Ndinayesa mitundu isanu ndi inayi."

"Munatsekapo ndinu?"

"Eya, amayi."

Amayi anafufuza ndi maso nthawi yaitali. "Sindikupaona."

"Ndiye kuti ndinakhoza."

Ndinaona pakamwa pa amayi pakugwedera ngati pakufuna kumwetulira. Kuwala kunayamba kuchoka pa manja awo. Kenako analankhula, maso ali pazenera pomwepo.

"Ine ndakalamba. Kukangana kwanditopetsa. Mwana uyu akuuma ndikumuona, ndipo tsiku lina adzati ndinamuumitsa ndine." Anapuma. "Za pakhoma zija sindinazikonde. Koma zinachitika musanadziwane, ndipo zimenezo mukambirane awiri. Lamlungu likubwerali, ikatha Misa yachiwiri, mubwere kunyumba. Mulowere khomo la kutsogolo. Ndidzaitana amalume ake, tidzamve chimene mukufuna."

Ine ndinangokhala pa benchi. Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli likadzafika ndidzalumpha, ndidzaimba. Koma ndinangomva ngati munthu amene watula mtolo umene anausenza nthawi yaitali, khosi likupwetekabe.

Theka anandiyang'ana pamwamba pa mutu wa amayi. Ndinali ndisanamukhululukire, koma ndinamuyang'ananso.

* * *

Chitseko cha ku sakristiya, chipinda chovaliramo ansembe, chinalira. Munatuluka wansembe wokalamba, wamfupi, wa mkanjo woyera wothimbirira m'mphepete, akukoka phazi limodzi. Anaima, n'kuika dzanja pamphumi kuti aone bwino.

"Ndani uyo? Si mwana wanga uyo?"

"Ndi amene ankatiphunzitsa ku seminale," Theka anandinong'oneza. "Samva bwino." Nkhope yake inali itasintha. Anadzuka mofulumira kuti akakumane nawo kutali ndi ife, koma mkuluyo anali atafika kale pakati pa mabenchi, manja ali tambalale.

"Ndimati ndikuimbire mawa!" anafuula, monga amachitira anthu ogontha. Mawu ake anagunda m'makoma onse. "Mulungu wakubweretsa yekha!"

"Bambo, tiyeni tikalankhulire panja."

"Wati chiyani? Ayi, nkhani yabwino sabisa! Kalata yako ija ndinakapereka ndekha m'manja mwa Ambuye Episkopi. Ndinawauza kuti mnyamata uyu ndimamudziwa, anangosokonezeka, mtima wake sunachoke pa guwa. Ayankha dzulo." Anamugwira masaya ndi manja onse awiri. "Avomera! Ubwerere ku seminale. Akukuyembekeza pa tsiku loyamba la mwezi wamawa."

Azimayi onse anatembenuka. Wina anayamba kuomba m'manja, n'kusiya ataona kuti ali yekha.

Ndinadzuka. Sindikudziwa kuti ndinayenda bwanji, koma ndinapezeka ndili pambali pake.

"Kalata yanji?"

"Ndinalemba nthawi ija," anatero. "Milungu ija unanditsekera foni. Unati zatha. Ndinkaona ngati Mulungu akundiuza kuti ndinalakwa kutuluka."

"Nditabwerera, unakaitenga?"

Anangoyang'ana nsapato zake.

"Unawauza kuti asiye? Unalembanso ina?"

"Ndinkaganiza kuti sayankha. Ambiri sayankhidwa."

"Sindinafunse zimenezo. Miyezi iwiri yathayi, ukundigwira dzanja, ukundiuza kuti ulankhula ndi amayi, kalata ili pa tebulo la Episkopi. Unkafuna ayankhe kuti chiyani?"

Wansembe uja ankayang'ana ine, n'kuyang'ana iye, akumwetulirabe, osamva kanthu. "Ameneyu ndi mlongo wako?" anafunsa mokweza.

Theka anayang'ana guwa. Anangoliyang'ana kamphindi kochepa, koma ndinaona mmene analiyang'anira.

Kumbuyo kwanga ndodo inagogoda pansi. Amayi anali atadzuka okha, popanda wowagwira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka anaima patsogolo pa Theka. Ndinkayembekeza kuti amulalatira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkafuna atero.

Anandipatsa ndodo. Anatenga manja ake onse awiri, a utoto m'zikhadabo aja, n'kuwafumbata pachifuwa pawo. Misozi inali ikutsika m'masaya mwawo.

"Ndakhala ndikukupemphererani zimenezi zaka ziwiri, mwana wanga," anatero. "Pitani. Za Lamlungu zija musavutike nazo. Uyu ndimusamala ndine."

Theka sanachotse manja ake.